Kogona kotchipa ku Zomba: kudepoti, kulokeshoni, ku Zomba wakale kapena kuphiri?

Zomba ndi tauni yaing'ono koma nkhani ya kogona imasokoneza anthu ambiri obwera koyamba, munthu amangoona pa foni kuti loji ili mu Zomba nkutumiziratu ndalama, kufika kuno apeza kuti malowo ali kutali ndi komwe wabwerera, kapena ali pachitunda poti sangakwere wapansi ndi chikwama kumsana. Nde musanafunse kuti chipinda ndi zingati, yambani mwafunsa kuti chili mbali iti ya mseu wa M3, uja wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde. Tauni yathuyi anaimanga chotsamira phiri. Kumunsi kwa mseu kuli msika, depoti, mashopu ndi malokeshoni ambiri. Kumtunda ndi komwe kuli Zomba wakale, ndipo mukamakwera mtengo wa chipinda nawo umakwera nanu limodzi mpaka kukafika ku Chawe, hotelo ya pamwamba pa phiri.

Ndikamati Zomba wakale ndikunena chigawo chija choyambira pa bwalo la gofu ndi Gymkhana Club kukwera mpaka mmunsi mwenimweni mwa phiri. Kuno nkomwe kunali likulu la dziko kuyambira 1891 nthawi ya atsamunda mpaka 1975 pomwe a Kamuzu anasamutsira likulu ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitirizabe kukumana konkuno mpaka 1994. Nyumba ya Malamulo yakale, State House, nyumba zanjerwa zamakhonde aatali zija, Botanical Garden yomwe mtsinje wa Mulunguzi umadutsa mkati mwake, zonsezi zili mbali imeneyi pansi pa mitengo ikuluikulu ya mibawa. Ngati mukubwera kudzaona Zomba weniweni ndi kumeneku, ndipo funso lonse ndi loti mugona mkati mwakemo kapena mugona kwina nkumabwerako masana.

Tiyambe ndi kotchipitsitsa, maresiti hausi ozungulira depoti ndi msika. Ubwino wake palibe angatsutse, mwatsika minibasi mdima utagwa kale, simufunika kabaza, mphindi zochepa wapansi mwapeza bedi. Chakudya chili pakhomo pomwepo, nsima ya matemba a ku Chilwa kapena ya nyemba mmalesitilanti a mumsika, chipisi cha pachiwaya, tiyi wa mmamawa ndi mbatata, ndipo msika wa Zomba pa nkhani ya ndiwo zamasamba ndi zipatso ngodziwika dziko lonse. Kwa munthu wa geni amene wabwera kudzaoda katundu, kapena amene akudikira basi ya mbandakucha, kapena mwabwera kudzaona wodwala ku chipatala cha Zomba Central ndipo ndalama yonse ikupita kwa wodwalayo, ine sindingakuuzeni kuti mukagone kwina. Malo ake ndi amenewa.

Koma tulo nde musayembekezere kwambiri. Ambiri mwa malo amenewa ali ndi bala kutsogolo kapena ayandikana nayo, ndipo Lachisanu kapena kumathero a mwezi nyimbo zimalira mpaka usiku kwambiri, zikangosiya pang'ono oitanira ayamba kale kukuwa pa depoti. Ine pamalo ena kumeneko ndinapatsidwa chipinda choti khoma lake linali lomwelo la bala, bedi kumachita kunjenjemera ndi sipika, ndipo nditapempha kuti andisinthe anati zakumbuyo zonse zadzadza. Nde mukafika nenani msanga kuti mukufuna chipinda chakumbuyo, ndipo funsani ngati bafa ndi chimbudzi zili mkati kapena ndi zogwiritsa ntchito anthu onse, chifukwa mitengo iwiriyi imasiyana ndipo ena amakuuzani wotsikawo pa foni osanena kuti bafa lake lili panja. Amayi amene muli nokha kapena muli ndi ana, kunena mosabisa, ine ndingakonde muwonjezereko pang'ono mukagone kwina.

Pano ndiime kaye ndinene za kuona chipinda, chifukwa izi ndi za paliponse, kaya kudepoti kaya kuhotelo yodula. Musalipire musanalowe mchipindamo, palibe chamanyazi, ingonenani kuti achimwene tandionetsani kaye. Mukalowa pitani ku bafa mutsegule mpopi. Mukaona ndowa yodzadza madzi ili pakona ndi kabeseni pamwamba, dziwani kuti pamalopo madzi amasiya, sikuti ndi zoipa, bola akonzekera, koma funsani kuti ali ndi thanki kapena ayi. Funsani za madzi otentha, ngati ndi giza kapena amaphitsa pamoto nkukubweretserani mu ndowa, ndipo nthawi yanji. Masulani neti ija anaikulunga pamwamba pa bedi muitambasule, mabowo amabisala mmenemo, ndipo udzudzu ku Zomba uliko makamaka kumunsi nthawi ya dzinja. Vundukulani bulangete muone nsalu, yang'anani mmphepete mwa matiresi ngati muli timadontho takuda ta nsikidzi. Yesani loko wa chitseko ndi soketi yotchajira foni. Kenako funso lomwe ambiri amaiwala, magetsi akazima mumatani, pali jenereta, pali sola, kapena ndi kandulo basi. Zonsezi sizitenga mphindi 5 ndipo wolandira alendo wachilungamo sakwiya nazo.

Njira yachiwiri ndi timaloji ta mmalokeshoni, ku Matawale, ku Chinamwali, cha ku Chikanda kufupi ndi yunivesite ya Chanco, ku Sadzi, ku Three Miles mukamapita ku Blantyre. Zambiri ndi nyumba zoti munthu anamanga yokhalamo kenako nkuisandutsa loji, mpanda wabwino, geti, mlonda, zipinda za selefu zamatailosi, kaTV pakhoma. Mukayerekeza ndalama ndi ukhondo wa chipinda, kuno nkomwe mumapeza zabwino kwambiri, chifukwa nyumba zake nzatsopano ndipo mipope sinatope. Amene muli ndi galimoto yanu apa mwaphula, mumaimika mkati mwa mpanda nkugona mtima uli mmalo. Makolo obwera kudzasiya mwana ku yunivesite kapena kudzamuona, mbali ya Chikanda ndi yomwe ikuyenerani. Mipingo inanso ili ndi nyumba za alendo, zimakhala zabata, zopanda bala, ndipo nkoyenera kufunsa kwa abusa kapena akumpingo kwanu musananyamuke.

Vuto la kulokeshoni ndi mayendedwe. Mulibe galimoto ndiye kuti ulendo uliwonse ndi kabaza kapena Sienta, kupita mtauni mmawa, kubwerera masana kudzapuma, kupitanso madzulo kukadya, kubwereranso usiku pomwe akabaza amakweza mtengo, ndipo mvula ikagwa timisewu tina tolowera mmalokeshonimo timaterera zedi. Ndalama ija mumati mwapulumutsa pa chipinda imathera mmanja mwa akabaza pang'onopang'ono osazindikira. Komanso simuli mu Zomba wakale, mukatsegula zenera mukuona mpanda wa neba ngati kwina kulikonse mMalawi muno. Ngati mwabwera za ntchito ku MANEB, ku NSO (ofesi ya boma ya kalembera ndi ziwerengero) kapena kukhoti zimenezo zilibe kanthu, mukufuna bedi loyera basi. Koma ngati mwabwera kudzaona malo ndiye mwadzimana chinthu chenicheni chomwe mwabwerera.

Tsopano za kugona mu Zomba wakale mwenimwenimo, komwe mtima wanga uli. Anthu ambiri amangoganiza kuti kumtundaku ndi kwa azungu ndi mabwana nde safunsa nkomwe mtengo, pomwe kuli malo a misinkhu yosiyanasiyana. Kuli Hotel Masongola, nyumba yomangidwa mu 1886 yomwe inali ya kazembe wa Britain ndipo Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anakhalamo, ili ndi nsanja ziwiri kutsogolo ndipo yayandikana ndi Botanical Garden, ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zikadalipo mdziko muno. Kuli Annie's Lodge chakufupi ndi Nyumba ya Malamulo yakale. Kuli Pakachere pafupi ndi bwalo la gofu, malo a anthu oyenda ndi zikwama kumsana aja, komwe mutha kulipira bedi limodzi mchipinda chogona anthu angapo kapena kukhoma tenti panja, ndipo kwa mnyamata kapena mtsikana amene ali yekha imeneyi ndi njira yotchipa yogonera kumtundaku. Mukakwera ndi mseu wa kuphiri kuli Casa Rossa wodziwika ndi zakudya za ku Italy, koma kumeneko mwayamba kale kutalikira tauni. Kupatula amenewa kulinso tinyumba ta alendo tingapo mmisewu ya mmunsi mwa phiri, cha ku Mulunguzi ndi ku Old Naisi.

Chomwe mumagula kumtundaku si chipinda chokha ayi. Mumadzuka mmawa kukuzizira bwino, mbalame zili pokopoko, apusi akuthamanga pamalata ndi mmitengo, nkhungu ikutsika mphiri, mukamayandikira ku gadeni mukumva Mulunguzi akusokosa pamiyala. Mumatuluka wapansi, osafuna kabaza, kudutsa pa Nyumba ya Malamulo yakale, kulowa mu Botanical Garden kukhala pabenchi mmphepete mwa madzi, kutsika pang'onopang'ono mumthunzi wa mibawa mpaka mtauni kukagula nthochi kumsika. Kutsika nkosavuta, kubwerera ndiye chitunda, apo mutha kukwera kabaza kamodzi kokha patsiku. Usiku kuli zii, mumagona tulo teniteni. Apusi aja musawasiyire zenera lotsegula muli ndi chakudya mchipinda, amalowa ndithu.

Komano nyumba yakale ndi yakale, izi muzidziwiretu kuti musakakhumudwe. Makoma ake ngokhuthala, denga lili kutali, mu Okutobala kunja kukuwotcha mkatimo mumazizira bwino, koma mu Juni ndi Julayi kukabwera chiperoni mumafunika mabulangete awiri ndipo madzi otentha si nkhani yokambirana. Nthawi ya mvula zipinda zina mmunsi mwa phiri zimagwira chinyezi, mukalowa mumamva kafungo ka nkhungu mmakatani ndi mkabati, nde ngati muli ndi mphumu kapena mwana wa chifuwa pemphani chipinda chomwe chimawombedwa dzuwa. Malo ena ali ndi zipinda za mnyumba yakale ndi zina zomangidwa pambuyo pake kuseri, mitengo yake yosiyana, funsani zonse ziwiri muzione. Nthawi zambiri chotchipa ndi chakuseri, ndipo khonde, kapinga ndi mitengo mumagwiritsa ntchito zomwezo ndi amene walipira zambiri.

Chinanso kumtundaku usiku misewu ina imakhala ya mdima ndipo anthu oyenda amachepa msanga, si malo oti muzitsika wapansi 9 koloko kukasaka chipisi. Idyani mtauni kukadawala kapena idyani paloji pomwepo, ndipo khalani ndi nambala ya wa takisi kapena wa kabaza mmodzi amene akuloji akumudziwa. Chakudya cha paloji chimadula kuposa cha mumsika, izi nzoona, nde ine ndimati nkhomaliro idyani kumunsi mukhute bwinobwino, madzulo mungodya zopepuka.

Za pamwamba pa phiri ndinena mwachidule chifukwa nkhani yathu ndi yotchipa. Sunbird Ku Chawe ili mmphepete mwenimweni mwa phiri, mukakhala panja tauni yonse ili pansi panu, kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje kutali uko. Ndi malo okongola osanama, koma mtengo wake ndi wa hotelo yaikulu, ndipo ngakhale mutapeza kanyumba kotchipirako kapena pokhoma tenti pamwambapo, mseu wake ngokhotakhota komanso wautali, minibasi sizikwera, kulibe msika, chilichonse mumanyamula kuchokera kumunsi. Kumayenera anthu amene ali ndi galimoto, kapena gulu loti musonkherana ndalama nkumaphika nokha, kapena amene angokwatirana kumene ndipo anasungira tsikulo. Enafe nzeru yabwino ndi kugona kumunsi nkukwera mmawa, kukaona damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, Emperor's View pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, kumwa tiyi ku Chawe, nkutsika dzuwa lisanalowe. Pobwerera mupeza anyamata mmbali mwa mseu atanyamula timbale ta masitiroberi ndi zipatso zina za mphiri nthawi yake ikakwana, akuthamangira galimoto iliyonse, gulani ndithu ndipo musawanenerere mopitirira, amazitenga kutali.

Nde masamu ake muziwerenga chonchi, osati mtengo wa chipinda wokha. Tengani chipinda, onjezani kabaza wa tsiku lonse, onjezani chakudya cha mmawa ngati sichili mumtengomo, onjezaninso takisi ya usiku ngati mudzaifune. Mukatero mudzaona kuti loji ya ku Matawale yomwe imaoneka yotsika ndi kachipinda kakuseri mmunsi mwa phiri komwe akupatsani tiyi, mazira ndi buledi mmawa, kusiyana kwake kumachepa kwambiri, nthawi zina kumatheratu. Mukakhala awiri ndiye kabaza mukulipira pawiri pomwe chipinda ndi chimodzi, apo kumtunda kumapambana mosavuta. Mukakhala ndi galimoto masamu amatembenuka, kulokeshoni kumapambana. Mukangofuna poika mutu usiku umodzi, kudepoti. Koma kwa munthu wopanda galimoto amene wabwera masiku awiri kapena atatu kudzaona tauni yakaleyi, ine ndimaumirira kuti agone kumtunda ngakhale chipinda chikhale chaching'ono bwanji, chifukwa malo onse oti aone ali pakhomo ndipo kuyenda wapansi mmisewu imeneyi nkwaulere.

Mitengo masiku ano sikukhazikika, chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 zinthu zikungosintha, nde mtengo womwe mwauona pa Facebook kapena womwe mnzanu analipira chaka chatha musaudalire. Imbani foni, osangolemba meseji. Funsani ngati mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda, ngati msonkho wa VAT ndi levi ya zokopa alendo zili momwemo, ngati chakudya cha mmawa ndi cha awiri kapena mmodzi. Malo ena omwe amalandira alendo akunja amakhala ndi mtengo wina wa ife a konkuno, ndipo sanena mukapanda kufunsa. Mawebusaiti obukitsira aja nthawi zambiri amaonetsa mtengo wa madola ndipo timaloji tambiri ta kuno sitilipo nkomwe, kuyankhula ndi mwini malo kumakuthandizani kuposa. Mukakhala masiku angapo pemphani akuchotsereniko, makamaka mkati mwa sabata zipinda zikakhala zopanda anthu, ambiri amavomera mukalankhula mwaulemu.

Nthawi yobwera nayo ndi nkhani. Zomba ndi tauni ya sukulu ndi ya maofesi a boma, nde sabata ya giraduweshoni ku Great Hall ya ku Chanco zipinda zimatha tauni yonse, mabanja amabwera ndi agogo ndi azakhali omwe, ndipo amene sanakonzekere amakagona ku Liwonde kapena kubwerera ku Blantyre usiku. Chimodzimodzi sabata yomwe ophunzira akutsegulira, kapena kukakhala wekishopu yaikulu, maloji apakatikati aja amatengedwa onse ndi bungwe limodzi. Nthawi ngati zimenezi kunenerera kulibe, bukitsani kukadali milungu. Loweruka amene kuli ukwati funsaninso ngati lojiyo ili ndi holo kapena kapinga wochitirapo madyerero, mutha kulipira malo abata nkupezeka muli pakati pa perekaniperekani mpaka madzulo.

Pa nkhani yotumiziratu ndalama samalani abale. Masiku ano aliyense atha kutenga zithunzi za loji nkutsegula tsamba lake, inu nkutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene alibe ngakhale chitseko ku Zomba. Ngati muli ndi mbale kapena mnzanu kuno, ngakhale mwana wa ku Chanco, mpempheni adutsepo aone ndi maso nkutenga nambala yeniyeni ya pa resepushoni. Potumiza onani dzina lomwe likutuluka pa foni musanaike pini, tumizani ya usiku umodzi wokha, ndipo auzeni akulembereni meseji yonena tsiku, mtundu wa chipinda ndi ndalama yotsala. Mukafika onani chipinda monga ndanenera muja, malizani kulipira, tengani risiti, ndipo ngati mukudziwa kuti mufika usiku auzeni kuti mlonda wa pageti akhale akudziwa dzina lanu.